Nsabwe Zatilanda Mpiru

Wokondedwa mwana wanga Zuze,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi mpongozi wanga. Ife kuno tikudzuka, ngakhale amayi ako miyendo ikadali yotupa. Ine mano atsala anayi, okwanira chakudya chimene chilipo.

Nkhani ndi ya kudimba. Chimanga anakolola ndi anthu amfuti aja a pankhondoyi, ndiye tinkadalira mpiru. Kutangoyamba kutentha, nsabwe zobiriwira zinadzaza kunsi kwa masamba mpaka onse kukwinyika. Ndinazifunsa kuti, "Inu ndinu a mbali iti?" Zinangopitiriza kudya, koma kadyedwe kake ndinakazindikira.

Phulusa loti tiwaze palibe, poti moto timasonkha mwakuba, kuopa utsi ungatiitanire alendo. Amayi ako anati, "Bambo a Zuze, viikani fodya wanuyo m'madzi tiwaze."

Ndinati, "Mayi, nsabwe zinunkhize fodya, mwiniwake ndili pompano?"

Iwo anati, "Nanga tidya mphuno yanuyo?"

Ndinaviika yense, tinawaza ndi tsache. Yapulumuka mizere iwiri yokha, isanu yapita. Dzulo ndinawapeza amayi ako kuseri kwa nyumba akutsuka masamba ofota aja kuti aphike, akubisa kuti ndisaone. Nthabwala zinandithera pomwepo.

Ukapeza munthu wodutsa malire pa Muloza kubwera kuno, umupatsire njere za mpiru ndi kachidutswa ka sopo, thovu lake limapha nsabwezi. Koma iwe usabwere. Njira sinayere, ndipo dimbali silingadyetse anthu atatu. Mulungu akusunge komweko.

Ndine bambo ako,
Alifonso