Bandi yanga yapambana, tsopano apongozi akufuna bwalo

Aphungu,

Ndikuchita manyazi kudandaula pamene tawuni yonse ikundiyamikira, koma pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere. Amuna anga sindingawafunse nzeru chifukwa ikukhudza bambo awo.

Ndine mphunzitsi wa bandi pa sekondale ya kuno ku Cullen Springs, kum'mawa kwa Texas. Ndinakulira ku Dallas, komwe bandi yathu inkaguba mwamakono: mizere yokhotakhota, kujambula zithunzi pabwalo ndi matupi athu, mbendera zikuuluka, malipenga ataloza kwa oonerera ngakhale miyendo ikupita cham'mbali. Kuno ndinabwera ndi ukwati. Apongozi anga aamuna, a Harlan, ndi amene anatsogolera bandi ya sukulu ino kuyambira amuna anga asanabadwe mpaka mawondo atawakana. Iwo ndi a kagubidwe ka chisilikali: mizere yowongoka ngati yoyezera chingwe, wezulo ikalira onse tembenu nthawi imodzi, nyimbo zake zogubira zokhazokha. M'tawuni muno wometa tsitsi, abusa athu, ngakhale makaniko wokonza galimoto yanga, onse anadutsa m'manja mwawo.

Atapuma ntchito, aphunzitsi ena anayesa kupitiriza, koma ana ankachoka mmodzimmodzi. Pamene ndinkalandira bandiyi chaka chatha, otsala sankadzaza ngakhale basi imodzi. Ndinawagubitsa mwachisilikali monga ndinaipezera, ndipo kumpikisano oweruza anatipatsa giredi yachitatu. Pobwerera m'basi, Ximena, mtsikana amene amatsogolera anzake pabwalo, anadzakhala pafupi nane n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ife kuguba sitidana nako. Koma mizere italiitali ija imafuna anthu ambiri. Ifeyo tikafola timaoneka ngati chipeso chothothoka mano."

Ndiye chaka chino ndinasintha. Ndinayamba ndawauza apongozi anga pa chakudya cha Lamulungu titaweruka kutchalitchi, kuti asamvere kwa ena. Anaika foloko pansi n'kuti, "Mwana wanga, bandi imaguba. Zovinavina ndi nsalu za makatani kapangireni ku Dallas kwanuko." Apongozi aakazi, a Nelda, anangoti, "Harlan, nyama ikuzizira." Amuna anga, Wade, maso anali m'mbale.

Sizinathere patebulopo. A Harlan anasonkhanitsa ophunzira awo akale n'kupita ku komiti ya sukulu kukapempha kuti andichotse. Ndinali momwemo, Aphungu. Ndinawamva ndi makutu angawa akuti, "Mtsikanayu ndi wa m'banja mwanga, ndipo nyimbo amazidziwa. Koma akukwirira chinthu chomwe sichinafe." Komiti inati ndigwire nyengo imodzi, zipatso zikaoneke. Makolo ena anachotsa ana awo. Pa mpira woyamba, titangolowa m'bwalo kukaimba nthawi imene osewera amapuma, mzere wonse wa abambo achikulire unadzuka kukagula zakumwa. Wina anakuwa kuti, "Asokera anawo, apatseni mapu!" Anthu anaseka. Ine ndinakalirira m'galimoto.

Koma ana sanabwerere m'mbuyo. Anali atakhetsa thukuta kuyambira mu Ogasiti, pa phula lootcha mpaka mkati mwa nsapato, ndipo kusekedwako kunangowawonjezera ukali. Kenako kunayamba kubwera ena. Atsikana amene sanagwirepo lipenga anadzanyamula mbendera. Keondre, amene amayenda pa njinga ya olumala ndipo sakanatha kufola pamzere, anapeza malo ake kutsogolo pa mangolongondo, ndipo akawaimba ngakhale osewera mpira amasiya kumwa madzi. Pofika mu Okutobala tinkafunika mabasi awiri.

Loweruka lapitalo kunali mpikisano wa chigawo, masana dzuwa lili pamutu. Patsogolo pathu panalowa mabandi akuluakulu oguba mwachisilikali, ndipo kunena zoona anaguba mokongola moti ndinachita nthumanzi. Kenako ana anga analowa. Mizere inakhota n'kukumana pamalo pake penipeni, mbendera zonse zinakwera ndi kutsika ngati dzanja limodzi, ndipo pomaliza malipenga atatembenukira kwa anthu, phokoso lake linandigunda pachifuwa. Oweruza onse anatipatsa giredi yoyamba. Tikupita kumpikisano wa Texas yonse, komwe sukulu ino sinafikeko kuyambira a Harlan atapuma. Ximena analira mpaka chipewa chinagwa. Titayandikira kwathu tinapeza galimoto yozimitsa moto ikutidikira pamphambano, ndipo inatitsogolera ikuliza sayirini mpaka kusukulu. Bambo uja wa mapu anali m'mbali mwa msewu akuomba m'manja, ndipo Lolemba anabweretsera ana nyama yootcha yodzaza mathireyi.

A Harlan kumpikisanoko analiko. Ndinawaona atakhala okha pamwamba, chipewa chili pabondo. Anachoka zotsatira zisanalengezedwe. A Nelda anandiimbira foni n'kuti, "Wabwera, wakhala pakhonde, sanayankhule. Koma tiyi wamwa, ndiye usadandaule."

Nayi tsono nkhani yanga. Kumapeto kwa mwezi uno kuli mpira wa chaka ndi chaka umene ophunzira akale amabwerera kusukulu. Iwo akufuna kupanga bandi yawo, agube mwachisilikali nthawi yopuma, a Harlan ali patsogolo. Ahedi anandiuza kuti, "Nthawi yopuma bwalo ndi lanu. Mukati ayi, ndi ayi." Apongozi sanabwere okha kudzandipempha, anatuma Wade. Iye anati, "Trina, bambo akula. Mwina n'komaliza kugwira wezulo." Ine ndinamufunsa kuti, "Pamene ankapempha kuti andichotse ntchito, iwe unali kuti?" Anangotuluka panja, ndipo kuyambira tsikulo timangolankhulana za makiyi ndi za galu.

Mtima wina ukuti ndikane, amve mmene zimawawira. Komanso ndikuopa kuti ndikalola, anthu adzawaombera m'manja kuposa ana anga, mkangano n'kuyambiranso. Ndichite bwanji?

T.Y., Cullen Springs

Mayi T.Y.,

Choyamba landirani ulemu wanu. Munapeza bandi ikufa, mwaidzutsa, ndipo mwachita zimenezi anthu akukusekani. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kanu kameta tawuni yonse ikuona. Musapepese kwa aliyense chifukwa chopambana, ngakhale pa chakudya cha Lamulungu.

Tsono yankho langa ndi lalifupi: apatseni bwalo. Sindikutero chifukwa anakuchitirani zabwino, ayi. Kukaima pamaso pa komiti n'kupempha kuti mkazi wa mwana wako achotsedwe ntchito ndi chinthu choipa, ndipo muli ndi ufulu wokwiya. Ndikutero chifukwa mkangano uja unatha Loweruka. Mukakana lero, mudzautsa nokha chimene oweruza anagoneka, ndipo anthu omwe akukubweretserani nyama adzayamba kunena za mayi amene anamana nkhalamba kanthawi kochepa pabwalo.

Musatume Wade ndi yankho. Pitani nokha pakhonde paja, masana, a Nelda ali pafupi. Auzeni mosazungulira kuti zimene anachita ku komiti zinakupwetekani, munene kamodzi, musabwereze. Mukatero auzeni kuti mwalola, ndipo munene mmene zikhalire: akale alowe poyamba, nthawi yawo muwayezere ndinu, bandi ya sukulu itseke. Muwauzenso ahedi zomwe mwagwirizanazo, kuti tsikulo pasakhale wina wonena kuti sanamve.

Mukapita musayembekeze kuti akupepesani ndi pakamwa. Bambo amene anayenda ulendo wonse uja kukakhala yekha padzuwa kuonerera bandi imene amati si bandi, wayamba kale kulankhula. Anthu ena mawu oti "ndinalakwa" amawatsamwa mpaka kumanda. Akangokufunsani za ana, kapena akakudzudzulani kuti oimba ng'oma anathamanga pang'ono, dziwani kuti m'pamene afika.

Za m'manja musaope. Adzawaombera kwambiri, inde. Kudzakhala agogo a mimba zawo akuyesa kutembenuka pamzere, akazi awo akujambula, zidzukulu zikuseka. Anthu adzakhala akuombera unyamata wawo, ndipo zimenezo sizichotsa kanthu pa giredi ya ana anu. Auzeni ana anuwo aime m'mbali mwa bwalo aombe nawo m'manja, inu muli patsogolo. Aoneretu mizere yowongoka ija ikuyendetsedwa ndi mwini wake. Mwanena nokha kuti mabandi a chisilikali anakuchititsani nthumanzi, ndiye mukudziwa kuti muli luso mmenemo. Pa perete ya Khirisimasi mumsewu wa m'tawuni mizere yokhota ilibe pokhotera. Ngati mtima udzalola, dzawapempheni a Harlan adzawaphunzitse ana kuguba kwa mumsewu masana amodzi. Amodzi okha, ndanena.

Nkhani ya Wade ndi ina, ndipo kwa ine ndi imene ili yaikulu. Mwamuna amene maso amakhala m'mbale mkazi wake akunyozedwa, kenako n'kusanduka mtumiki wa bambo ake, akufunika kukhala naye pansi. Musadikire mpira uthe. Muuzeni kuti simukumupempha kusankha pakati pa inu ndi bambo ake, koma kuti tsiku lina zikadzachitikanso adzatsegule pakamwa. Funso lanu lija sanaliyankhe. Lifunseninso mofatsa, ndipo mukhale chete mpaka ayankhe.

Chenjerani ndi ziwiri. Kulola bwalo si kupereka bandi. Wezulo ya pokonzekera ikhale pakhosi panu, makamaka pano pamene mpikisano waukulu uli patsogolo, ndipo aliyense wobwera ndi mawu oti "mwina tibwerereko pang'ono ku zakale" mum'thokoze n'kumuperekeza kuchipata. Chinanso, musawalowetse ana m'nkhani ya m'banja mwanu, chifukwa akuona zambiri kale. Zaka zikubwerazi kudzafika mphunzitsi wina ndi kagubidwe kamene inuyo mudzati si bandi. Tsikulo mu komiti mudzakhala anthu amene lero akukuimbirani malipenga, ndipo adzakuchitirani zimene akuona mukuwachitira a Harlan mwezi uno.

Aphungu