Diresi la ku Joni

Lolemba, 6 Ogasiti 1973
Ndaliyesanso diresi lija. Likukanirabe m'chiunomu. Amuna anga a Gerishomo analitumiza kuchokera ku migodi ya ku Joni, ati ndidzalivale pokawachingamira ku Songani. Pogula ankaganiza za ine Elenala wa tsiku la ukwati, mwana wathu Veronica asanabadwe. Ndawasowa kwambiri, ndipo ndikufuna adzapeze yemweyo.

Lachinayi, 9 Ogasiti
Ndinakwera mobisa pa sikelo yoyezera mpunga ku Likangala, kalaliki atapita kukamwa tiyi. Muvi uli pomwe unali sabata zitatu zapitazo! Mwezi woyamba thupi linkatsika bwinobwino, pano zii. Chonsecho ndikudya kamodzi patsiku, kampunga ka m'manja ndi timatemba.

Loweruka, 11 Ogasiti
Chizungulire chinandigwetsa ndikupeta. Mwanahawa, mnzanga wa khomo linalo, anandiperekeza kuchipatala. Namwino atamva za diresi anaseka. Akuti: "Mayi, thupi silidziwa za Joni. Likaona chakudya chachepa limayesa kwagwa njala, ndiye limayamba kuumira. Limasonkha moto pang'onopang'ono ngati munthu wosunga nkhuni m'dzinja. Muzidya katatu, koma mochepa, ndipo muziyenda."

Kani ndakhala ndikulimana chakudya, ilo n'kumandimananso.

Lachiwiri, 14 Ogasiti
Apongozi lero: "Mukuonda dala kuti anthu azinena kuti mwana wanga sakusamalani?" Ukaonda mlandu, ukanenepa diresi likana.

Mwanahawa akuti ndipite nalo kwa telala akawonjezere nsalu m'mbali. Ndakana. A Gerishomo angadzaone msoko.

Lamlungu, 19 Ogasiti
Kutchalitchi maso anangokhala kumbali ya abambo, pamene ankakhala a Gerishomo. Nyimbo sindinaimve n'komwe.

Lachitatu, 22 Ogasiti
Afika.

Diresi silinalowe, ndinapita ndi chitenje changa chakale. Basi itaima ndinabisala kumbuyo kwa Mwanahawa, manyazi. Anthu anatsika, ine n'kumayang'anabe pakhomo. Bambo wina woonda, jekete likulendewera m'mapewa, anaima patsogolo panga akutsokomola. Ndinawadziwira mawu okha.

"Amake Veronica, mwanenepa bwino. Mulungu ngwabwino."

Ndinagwada kuwalonjera, misozi chuchuchu. Dzanja lawo mafupa okhaokha.

Kunyumba ndinawapakulira mpunga mbale yodzaza, ndi mlamba wotendera. Anatapa katatu, n'kukankhira mbaleyo kwa ine. Pano agona pamphasa, m'chifuwa mukulira. Ndapempha Mwanahawa kuti mawa atsale ndi mwana, ife tilawirira kuchipatala.