Tsiku Limene Ndinavula Shati Pamaso pa Ana

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Lazaro, mwana wanu wovuta uja, amene munkati Mulungu anaiwala kumuikira chitseko pakamwa.

Kuno mgodi anatseka. Sailini ya mgodi ija inkakutayitsani tiyi m'mawa inakhala chete, ndipo ife amene tinakalambira pansi pa nthaka tikulima repu kuseri kwa nyumba ku Natuseko. Njanji nayo akuti aigulitsa. Mervis, mwana wanga woyamba, anabereka mtsikana ndipo tinamutcha dzina lanu. Anatenganso mphuno yanu, pepani.

Mlongo wanga Agnesi ndiye mwina mwaonana naye kale. Tinamuika m'nyengo yozizira. Chinali chotupa cha m'bere, monga inu, ndipo nayenso anachibisa pansi pa chitenje mpaka pamene sichikanabisikanso.

Tsopano musaseke, Amayi. Mwezi watha ndikusamba ndinakhudza kanthu kolimba ngati nzama pachifuwa panga, kumanzere. Kuchipatala anandikhazika pabenchi ya azimayi okhaokha. Ndinawauza kuti ndabwera kusikelo, mimba ndi ya miyezi isanu. Benchi yonse inagwa ndi phwete. Dokotala sanaseke. Atandipima anandifunsa amene anamwalira kwathu ndi chimene chinawatenga. Ndinatchula inu, Agnesi, ndi amayi aang'ono a ku Katete. Anati ndi khansa, ndipo m'mabanja ena imayenda m'magazi. Mwamuna angadwale nayo, angaipatsirenso ana ake. Ine zaka zonsezi ndinkanamizira fumbi la mgodi kuti ndilo linakutengani. Anati ndibwere nawo ana anga aakazi onse atatu, awapime msanga.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinawakhazika pansi n'kuwauza. Amayi, anaseka mpaka misozi. Mervis akuti, “Manje Adadi, muyamba liti kuyamwitsa? Munithandizeko uyu.” Tisa, wotsiriza uja, akuti, “Awe, sitigwanso mumsampha wanu. Chaka chatha munati mgodi atsegula, ife n'kukusitirani ovololo.” Ndinalumbira pa korona wanga wopempherera, kuseka kunangowonjezeka. Pamenepo ndinamva mawu anu aja: “Lazaro, tsiku lina udzalira, anthu adzakuombera m'manja.”

Ndiye ndinachita chimene simunandiphunzitse. Ndinavula shati pamaso pa ana anga aakazi, akuluakulu. Anayang'ana kumbali ndi manyazi. Ndinagwira dzanja la Mervis n'kuliika pomwepo. Chala chake chitachipeza, kuseka kunatha. Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi, Amayi: dzanja lake linalo linapita lokha pachifuwa pake. Ndinamufunsa kuti chinayamba liti. Anati mwana asanabadwe, iye ankayesa ndi mkaka.

Ndinafunafuna nthabwala yoti ndimupatse. Kwa nthawi yoyamba chibadwire sindinaipeze.

Sindikukuimbani mlandu. Inunso munangochilandira osachipempha, monga ine ndachiperekera osadziwa. Chimene chikundiwawa n'chakuti munavutika nokha kubafa, ife tikuseka panja.

Lachiwiri tikupita tonse anayi, wapansi, ndipo ine ndidzabereka kamdzukulu kanu kumsana, anthu a kukomboni ya Railways aseke mmene angafunire. Ndikulonjeza kuti sindichoka pabenchi ija mpaka dokotala atawaona onse atatu. Mukandiona ndatulukira kumeneko msanga musakalipe, mungondisendera pamphasa. Koma Mervis musamusungire malo, Amayi. Ali ndi mwana woyamwa.

Ndimakukondani monga kale.

Mwana wanu,
Lazaro