A Perto Atsuka M'mimba pa Tsiku la Fiesta

Gulu: Papa, Mama ndi Liezel

LAMULUNGU

Liezel 07:40
ayi papa, mpunga ayi. lero ndi zamadzimadzi basi. mawa kamera ya adotolo ikapeze matumbo oyera

Papa 07:44
phala la mpunga si madzi kodi

Liezel 07:44
si madzi

Papa 07:46
ndikalisungunula kwambiri

Liezel 07:47
papa plz. msuzi wosefa, tiyi wopanda mkaka, madzi a kokonati. chofiira chilichonse ayi cfkw angachione ngati magazi

Mama 07:52
akulemba zimenezi ali chilili pa mphika. ndawalanda chipande

Papa 07:55
amene anasankha tsikuli saopa Mulungu. lero ndi fiesta, chikondwerero cha woyera wa tauni yathu. nkhumba zili pa moto, wowotcha ndine. tauni yonse idya lechon, nkhumba yowotcha ya Perto, kupatula Perto mwini wake

Liezel 07:56
ndinasankha ndine mwana wanu. ndinaimba foni kuchokera kuno ku Manila mpaka khutu kutentha. ndi tsiku lokhalo linatsala, komanso mwathawa kale kawiri

Papa 07:58
sindinathawe. ndinali ndi maoda

Mama 07:59
ulendo wachiwiri ndinakakupezani kwa ometa tsitsi. munthu wadazi

Papa 10:31
Inday mwana wanga usawauze mayi ako. kachikopa ka nkhumba ndikangotafuna pang'ono nkulavula zivuta?

Mama 10:32
ndili momwemuno Perto

Papa 10:36
ndimayesa ndalembera mwana yekha

Liezel 10:37
kkkk mama chonde alondeni

Mama 12:15
alendo adzaza nyumba. aliyense akufunsa chifukwa chake sakudya. iwo akuti akusala kudya, analonjeza kwa woyera

Papa 12:18
Soling bwanji azimayi akwaya akundiyang'ana momvetsa chisoni

Mama 12:19
ndawauza zoona. bodza pa tsiku la fiesta ayi

Papa 12:19
wawauza kuti chani

Mama 12:20
kuti mawa akulowetsani kamera

Papa 12:20
wawauzanso polowera pake?

Mama 12:22
anafunsa

Liezel 12:41
papa?

Liezel 13:05
papa mwakwiya?

Papa 13:30
[mawu, 0:48]
Sindinakwiye, Inday. Ndakhala kuseri kuno, kutali ndi fungo. Ndimaganiza za akulu anga a Isko. Uja analowa m'chipatala akuyenda yekha, akuseka ndi manesi. Anamuyang'ana m'mimba momwemu. Khirisimasi sanaione. Nde iwe ukamati kamera kamera, ine ndimaona Isko. Munthu ukapanda kuyang'ana, mwina umakhalako masiku.

Liezel 13:34
papa, a Isko anaona magazi chaka chathunthu osauza munthu. sinawaphe kamera, anachedwa. inu munauza mama sabata yomweyo

Mama 13:36
sanandiuze. ndinaona ndekha pochapa

Liezel 13:37
chabwino, koma mukupita msanga. ndikufuna mudzawotche nkhumba pa ukwati wa zidzukulu zanu. imwani msuzi

Papa 13:50
ndamwa. ukukoma ngati nkhuku inangodutsa pafupi ndi mphika

Liezel 15:30
nthawi yakwana. botolo loyamba la mankhwala otsuka m'mimba. kapu imodzi, kupuma pang'ono, ina, mpaka lithe

Papa 15:41
Yesu Maria

Papa 15:42
awa ndi madzi a m'nyanja omwe wina wachapiramo sokosi

Liezel 15:42
malizani. ndipo mukamwa osachoka pakhomo. ku mdipiti lero kulibe kupita

Papa 15:44
chifanizo cha woyera ndachinyamula ine kuyambira usanabadwe. mtengo wakutsogolo kumanzere ndi wanga

Liezel 15:45
anyamule wina chaka chino. mankhwalawo sapereka notisi

Papa 16:35
ndamaliza botolo lonse. palibe chachitika. zii. mimba ya Perto ndi yachitsulo, mankhwala anu agonja

Liezel 16:36
AKUBWERA. khalani pafupi ndi chimbudzi

Liezel 16:44
papa

Liezel 16:52
mama ali kuti papa

Liezel 17:10
wina andiyankhe plz

Mama 17:38
[mawu, 1:26]
Liezel, mwana wanga, dikira ndipume kaye. Anandizemba. Ndimatsuka mbale, potembenuka munthu wavala kale malaya oyera, wapita. Ndinawapeza mdipiti utanyamuka, iwo kutsogolo, chifuwa panja ngati msilikali. Tinayenda bwinobwino mpaka pa kona ya msika. Pamenepo ndinangoona nkhope yasintha. Thukuta kamukamu. Mawondo aphatikana. Kenako ayamba kufulumira. Anzawo atatu onyamula nawo nawonso afulumira, achite bwanji, chifanizo ndi chimodzi. Woyera wadutsa a bandi ya malipenga, wadutsa ana a makandulo, wadutsa bambo mfumu. Bambo mfumu akukuwa, Perto, pang'onopang'ono! Iwo angogwira wogulitsa ayisikilimu pa mkono, amuika mtengo paphewa, liwiro kulowa pa geti yoyamba yomwe inali yotsegula. Woyera wafika ku tchalitchi atanyamulidwa ndi munthu wa ayisikilimu, kabelu kake kakulira m'thumba.

Liezel 17:41
mama ndikulira ndi kuseka kuno. afika bwino koma?

Mama 17:42
afika. koma geti yake ndi ya a Tikboy

Liezel 17:42
a Tikboy AMENE AJA??

Mama 17:43
omwewo. sanapatsanepo moni chiyambire tambala wandewu wa papa wako anafera m'khola mwawo

Papa 17:58
ndili m'manja mwa adani

Liezel 17:58
muli bwnj papa

Papa 18:03
zonse zomwe ndinadya chibadwire zatuluka. ndaona ndi keke ya pa ukwati wathu

Papa 18:04
sopo wake ngwabwino. sindimuuza

Mama 18:06
tulukani muzibwera kunyumba, mukuchititsa manyazi

Papa 18:07
ndayesa. ndinafika pa geti nkubwerera

Papa 18:20
Tikboy wakhala pa mpando kuseri kwa chitseko. akunditungira madzi m'ndowa. sakulankhula, akungotsokomola

Papa 18:34
walankhula

Liezel 18:34
wati chani

Papa 18:40
[mawu, 0:57, monong'ona]
Inday, Tikboy anapangidwapo zimenezi chaka chatha. Tikboy! Osauza munthu, galu ameneyu. Akuti anamubaya kajakisoni padzanja, nesi anamufunsa dzina, asanamalize kutchula anali atagona. Podzuka zonse zatha. Akuti anamuchotsa tinthu tiwiri ngati njerewere, ndipo adotolo anati tikanakhalitsa tikanasanduka khansa. Pano akunyamula matumba a mpunga ngati mnyamata. Ndamufunsa ngati zimapweteka. Wati chopweteka ndi chomwe ndikuchita panochi, mawa ndi tulo basi. Wandipatsiranso Vaselini pansi pa chitseko. Usafunse.

Liezel 18:42
ine ndakhala ndikukuuzani zomwezo mwezi wathunthu

Papa 18:43
iwe unawerenga. uyu analowetsedwa

Papa 18:51
Soling bweretsa botolo lachiwiri konkuno. akuti tiliike mu filiji, lozizira limamweka, komanso ndimwere kampope

Mama 18:52
mugona komweko?

Papa 18:53
chimbudzi chake chili pafupi ndi bedi la alendo. chathu chili kuseri kwa khitchini ndipo kwadzaza abale ako

Papa 18:55
mawa atiperekeza ndi galimoto yake ku chipatala. za tambala sitinagwirizane

LOLEMBA

Liezel 06:02
mwadzuka? zomwe zikutuluka zili ndi mtundu wanji

Papa 06:09
ndinakulipirira sukulu kuti uzindifunsa zimenezi?

Liezel 06:09
papa

Papa 06:11
ngati madzi a mandimu. ungawerengeremo nyuzi

Liezel 06:11
bho kwambiri. osamwanso kanthu tsopano. ndimakukondani

Papa 06:30
tanyamuka. Tikboy amayendetsa ngati wanyamula mazira

Mama 08:15
awaveka chovala chotsegula kumbuyo. akuyenda atatsamira khoma

Mama 08:47
alowa. asanalowe anandigwira dzanja osafuna kulisiya. anati ndikuuze kuti nyumba ndi yako

Liezel 08:48
mama musandiliritse ndili ku ntchito

Liezel 09:35
atuluka?

Liezel 09:58
mama

Liezel 10:14
anati sizitenga nthawi. chavuta nchani

Liezel 10:15
[foni yosayankhidwa]

Liezel 10:22
[foni yosayankhidwa]

Mama 10:40
pepa mwana wanga ndinali ndi adotolo. apeza tizotupa titatu, kamodzi kokulirapo, nkona kamatulutsa magazi. achotsa tonse. atumiza kokayeza, zotsatira sabata yamawa. koma ati pa maso pawo sakuona choopsa, tabwera nthawi yabwino

Mama 10:41
ndakalirira ku chimbudzi. a Tikboy nawonso akuti china chawagwera m'maso

Liezel 10:41
zkm Ambuye

Papa 10:58
[mawu, 0:31]
Inday... uwaimbire anthu awa. Ndakhala pano kuyambira m'mawa, sanandichite kanthu. Ndili ndi njala, ayambe msanga. Soling akuti zatha. Zatha bwanji ine osamva? Akundinamiza onsewa. Tikboy, iwe ndi munthu wabwino. Uli ndi makutu okongola.

Liezel 10:59
mama mawu awa osafufuta mpaka kalekale

Papa 12:20
mutu wabwerera. ndaona zithunzi za m'kati mwanga. mwaukhondo kuposa khitchini ya mayi ako. ndamwa phala, ndinatsala pang'ono kulipsompsona

Liezel 12:21
mwaona? zophweka. munkangoopa zachabe kkkk

Papa 12:24
zophwekadi. mwa njira, adotolo anafunsa ngati ndili ndi ana

Liezel 12:24
nde?

Papa 12:26
ndinati mmodzi, wazaka 41. ati poti Isko zinamupeza, ine andipeza nato, mwanayo asadikire. ayezedwe chaka chomwe chino

Mama 12:27
nzoona, ndinali pomwepo

Papa 12:29
usadandaule Inday. tsiku ndikusankhira ndine. ndibwera ku Manila ndekha kudzakulonda, ndizidya pamaso pako

Papa 12:44
Inday?

Papa 13:02
Soling foni yanga ikuonetsa kuti wawerenga

Mama 13:03
yanganso