Thirakitala yakana kukhota pa tala

Achimwene a Yusufu,

Salamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi mwendo uja wayamba kupepuka, mlamu wanu Asiyatu ndi khanda ali bwino. Amene sindili bwino ndine.

Lachiwiri ndinatitimira ndi thirakitala ya abwana m'munda wa nzimbe ku Dwambazi, ndiye ndinalowetsa giya ija yokoketsa matayala onse anayi. Nditatuluka m'matopemo ndinaiwala kuichotsa. Ndafika pa tala, ngolo ili yodzaza, ndikuti ndikhote kulowera ku Dwangwa, chiwongolero chinauma gwa. Matayala akutsogolo anayamba kudumphadumpha uku akukwekwereza, kenako pansi panamveka kuti kho. Ngolo inapendekekera kumene kunakhala azimayi ena ogulitsa nthochi.

Giya ija inakana kutuluka mpaka nditabwerera chambuyo pang'ono, monga munandiphunzitsira. Thirakitalayo kuyenda ikuyenda, koma ndikakhota pakumagogoda pansi pa mapazi angawa.

Abwana anandifunsa kuti, "Iwe Saidi, chikulirachi n'chiyani?" Ndinati mwina ndi mwala. Ndinanama, achimwene. Makaniko wawo abwera Loweruka, ndipo nyumba tikukhalayi ndi ya pantchito. Akandichotsa, khanda la milungu itatu ndilowera nalo kuti?

Inu zamainjinizi mumazidziwa. Mukangowerenga mundiimbire: ndathyola shafuti yozunguza matayala, kapena n'kanthu kakang'ono? Ndiulule ndekha Loweruka lisanafike? Amayi musawauze, chonde. Asiyatu akudziwa kale. Sanandikalipire, koma dzulo ndinamuona akupempha makatoni olongedzamo katundu kugolosale.

Allah akusungeni, ndipo mutipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Saidi