Nkhani ya Chithunzi cha Mkwatibwi Amene Analira

KOMITI YA BUNGWE LA OJAMBULA ZITHUNZI ZA MAUKWATI

Tsiku: Lachitatu, pa 12 Juni
Malo: Chipinda cha kuseri kwa situdiyo ya a Wapampando
Opezeka: a Wapampando, Mayi a Mapasa (achiwiri awo), a Fulumira (membala), Mlembi
Oitanidwa: a Chipewa
Osapezeka: a Msungichuma (apepesa, mwendo watupa), a Ndevu (sanatumize mawu)

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba nthawi ya 2:20 masana. Zolembedwa za msonkhano wapita zinawerengedwa ndipo zinavomerezedwa.

2. Kalata yodandaula za a Chipewa

A Wapampando anawerenga kalata yochokera kwa achemwali a mkwati wina. Kalatayo inati pa ukwati wa mlongo wawo, a Chipewa anafunsa funso lomwe linaliza mkwatibwi pamaso pa abale, zodzoladzola zonse n'kuchoka, ndipo iwo anamujambula akulira chomwecho. Odandaulawo anapempha kuti dzina la a Chipewa lichotsedwe pa mndandanda umene bungwe limapereka kwa eni maholo. A Wapampando anakumbutsa onse kuti amene wachoka pa mndandandawu ntchito ya maukwati yamuthera, ndipo a Chipewa aigwira zaka makumi atatu.

3. Kuyankha kwa a Chipewa

A Chipewa anavula chipewa chawo, chinthu chimene sachita kawirikawiri, n'kunena kuti zonse za m'kalatamo n'zoona. Anati akwati ambiri akaima pamaso pa kamera amauma ngati mapolo a magetsi, manja osadziwa kowaika. Ukawauza kuti mwetulirani, amangoonetsa mano. Tsono iwo amatsitsa kamera ngati yavuta, n'kufunsa mwamuna kuti, "Kodi mayiwa munawaona koyamba kuti?" Mwamuna akayamba kufotokoza, mkazi amamutsutsa, onse n'kuseka, mapewa n'kutsika. Pamenepo m'pamene amadina.

Anati tsiku limenelo mkwati anayankha kuti, "Pa benchi la kuchipatala." Apa m'pamene zinadziwika kwa iwo kuti awiriwa ndi ofedwa. Mayiyo ankadwazika amuna ake, bamboyo ankadwazika akazi ake, ndipo odwala onse awiri anamwalira mwezi umodzi. Mkwatibwi anangoyamba kugwetsa misozi.

A Fulumira anafunsa kuti, "Ndiye inu achikulire, munthu akulira, n'kudina?"

A Chipewa anati, "Chala chinatsogola, nzeru n'kubwera pambuyo."

Anaonjeza kuti akwatiwo sanakumane nawo ukwati usanafike, chifukwa amene anawaitana ku ntchitoyo ndi achemwali omwe alemba kalatawo. Kenaka anaika envulopu yomata patebulo. Anati chithunzicho chili m'menemo, anatsuka chimodzi chokha, ndipo sanaonetse munthu.

4. Kukambirana

A Fulumira anati njira ya mafunso ndi yachikale. Iwo amangouza akwati kuti yendani mogwirana manja, gundanitsani mphumi, yang'anani uko, basi, ndipo palibe amene analirapo. Mayi a Mapasa anati n'zoona palibe amalira, koma ukaika zithunzi za a Fulumira za maukwati khumi pamodzi, sungadziwe kuti mwamuna uyu ndi wa mkazi uti. A Wapampando anapempha kuti mawu amenewo asalembedwe. Mayi a Mapasa anati alembedwe, ndipo alembedwa.

Mayi a Mapasa anapitiriza kuti funso la a Chipewa silolakwika, cholakwika ndi malo ake. Iwo amaitana akwati ku situdiyo kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, amawapatsa mipando, n'kucheza nawo kamera ili m'chikwama. Anati pochezapo umadziwa zoseketsa za anthuwo, umadziwanso pamene pali chilonda kuti usapondepo.

A Wapampando anatenga envulopu ija kuti komiti ione chithunzi isanagamule. Mayi a Mapasa anaika dzanja pamwamba pake n'kunena kuti, "Bambo, misozi ili m'menemo si yathu." A Wapampando anaibwezera patebulo osaitsegula.

Mlembi anafunsa ngati pali amene wamva kuchokera kwa mkwatibwi mwini wake, poti kalata yalembedwa ndi alamu ake. Kunapezeka kuti palibe. Komiti inagwirizana kumuimbira foni pomwepo, ndipo a Chipewa anati chimene mayiyo anene, iwo achilandira, ngakhale kutakhala kuchotsedwa.

5. Mawu a mkwatibwi

Mayi a Mapasa anaimba, nafotokoza amene ali ndi chimene komiti ikukambirana. Mayiyo anavomera kuti onse amve. Mawu ake alembedwa pano monga anamvekera.

Anati, "Kalatayo sindinaidziwe. Alamu anga amandikonda, koma sanandifunse. Tsiku lija kuyambira m'mawa aliyense ankangoti mwetulira, mwetulira, masaya mpaka kuwawa. Panalibe amene anatchula bambo a ana anga, kapena mayi a ana a amuna angawa, ngati sanakhaleko. Ine ndinali nawo mumtima tsiku lonse. Pamene amuna anga anatchula benchi lija, m'pamene ndinapuma."

A Fulumira anafunsa ngati ndiye kuti palibe dandaulo.

Mayiyo anati, "Lilipo. Agogo a kamerawo alipo pamenepo?"

A Chipewa anati, "Ndilipo, mayi."

Iye anati, "Mukanatifunsa tili awiri. Ana anga anandiona ndikulira, wamng'ono anaganiza kuti sindikufuna ukwatiwo. Zinanditengera masiku atatu kumufotokozera. Chimenecho munalakwa."

A Chipewa anati, "Ndinalakwa, mayi. Mwanayo mundipepesere."

A Wapampando anafunsa ngati akufuna kuti achotsedwe pa mndandanda. Mayiyo anati ayi, munthu sataya khasu chifukwa latema chala kamodzi. Anapempha kuti chithunzicho chibweretsedwe kwa iye chili chomata, ndipo achipereke m'manja mwake ndi a Chipewa eni ake, osati wina.

6. Chigamulo

(a) A Chipewa akhalabe pa mndandanda. Atatu anavomera. A Fulumira sanakweze dzanja, anati iwo akadali ndi maganizo awo.

(b) Kuyambira lero, membala aliyense azikumana ndi akwati eni ake ukwati usanafike, ngakhale woitana ali m'bale. Mafunso okhudza moyo wawo azifunsidwa pamenepo, osati pagulu.

(c) A Wapampando ayankha kalata ya achemwali aja mwaulemu, ndi kuwathokoza poti dandaulo lawo lakonza kagwiridwe kathu ka ntchito.

(d) A Chipewa apereka envulopu Loweruka lino, ndipo afufuta chithunzicho mu kamera yawo mayiyo akuona.

7. Zina ndi zina

A Wapampando anadandaula kuti mipando iwiri ya m'chipindachi ikugwedera. Nkhaniyi idikira a Msungichuma.

A Fulumira anati ali ndi funso limodzi kwa a Chipewa, la ntchito chabe. Anafunsa ngati chithunzicho chinatuluka bwino.

A Chipewa anaika envulopu m'thumba la jekete, n'kunena kuti, "Pa zaka makumi atatu sindinajambulepo china choposa chimenechi. Ndipo iwe mwana wanga sudzachiona."

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Lachitatu, pa 10 Julayi, m'chipinda chomwechi. Poti panalibenso china, a Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4:05 madzulo.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________