Jombo Zanga Zikupita Zokha Kudimba

Mudzi wa Kamphinda,
Kabudula.
Okutobala, 2022.

Okondedwa achimwene a Overton,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana konko ku Mzuzu. Kuno mlamu wanu Malita ali bwino, Febe ndi Nowa akungodumphadumpha ngati ana a mbuzi. Ine ndiye ndi zomwe zija, ndilipo poti ndikupuma.

Korona uja anandigwira chaka chatha, achipatala amati anatha. Komatu pochoka ananyamula mphamvu zanga ndi mpweya womwe. Ndikangoyenda kukafika pamjigo mtima umagunda ngati andithamangitsa agalu, mawa lake osadzuka. Sabata yatha kunagwa chizimalupsa, aliyense kumati dothi lanunkhira, ine osamva kanthu. Ndinalira, achimwene, bambo wandevu zanga. Ndinakumbuka kwathu ku Nambuma, inu ndi ine tikupikisana mizere, inu n'kumanama kuti khasu laguluka.

Choipa n'chakuti matendawa saoneka. Ndimadya bwinobwino, masaya mpaka atuluka. Poyamba anthu ankabwera kudzandizonda, koma lero amangodutsa n'kumati bwana ali patchuthi. Kuchipatala anandiunika chifuwa, anayeza magazi, osapeza kanthu. Anati ena zimawatengera nthawi, ndizipuma mokwanira. Ndinangoseka. Mkamwini anayamba wapuma liti pamudzi pa eni ake?

Nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya nazale ya fodya. Mukudziwa kuti kuthirira nazale kudimba ndi ntchito yanga, ndipo amalume ake a Malita, a Stanislaus, amayendera madimba a mbumba yawo ngati alangizi. Malita atamva kuti ayamba kung'ung'udza za ine, anapeza nzeru yake. M'bandakucha amavala jombo zanga zija, n'kupita kukathirira, kuti iwo akamadutsa aziona mapazi a mwamuna m'matope. Ndinamuletsa, koma anati ndimusiye, banja ndi lake.

Zinayenda ndithu kwa kanthawi. Amalumewo mpaka anandiyamikira kutchalitchi kuti nazale yabiriwira, ine manyazi ali tho, n'kumangoti zikomo.

Koma munthu wokulira kudimba sunganamize. Akuti anadabwa kuti phazi ndi lalikulu koma likuponda pafupipafupi. Analawira tsiku lina, n'kupeza mwana wa mlongo wawo akudzandira ndi makeni awiri a madzi, jombo zikumuvuka.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anabwera pakhomo, anakhala pansi, anandifunsa mmene ndadzukira. Kenako anati iwo anapereka mwana wawo kwa munthu, osati kwa jombo. Anati sakundida, koma wodwala amadwazikidwa ndi abale ake, ndipo sangaonerere mbumba yawo ikuthyoka msana. Atero kuti ndiitane ankhoswe anga tisanawokere fodya. Ankhoswewo ndinu.

Sindikuwaimba mlandu. Akanakhala mlongo wathu Bertha wapezeka m'jombo za mwamuna wake, inu mukanayankhula zoposa pamenepa. Koma mukudziwa kuti mkamwini akamachoka amanyamula chikwama chokha, ana amatsala kwa amayi awo. Malita akuti ndikachoka anditsatira, koma amayi ake ndi okalamba, ndipo sindingamuzule kwawo kuti azikalimira mwamuna wogona pakati pa alendo.

Achimwene, bwerani. Musabwere ndi mkwiyo, ndipo za mankhwala a kwa sing'anga zija musaziyambitsenso, mungayatse moto wina. Mudzangowauza za munthu amene munabwera naye pano tsiku la chinkhoswe lija, kuti sanali waulesi. Mudzandipemphere dzinja limodzi lokha. Kusoka fodya nditakhala pansi ndimatha, kusankha masamba ndimathanso, ndipo Febe masamu ake ndimamuthandiza ndine. Ndi zochepa, ndikudziwa, koma ndi zimene zatsala.

Ndikulakalaka khasu, achimwene. Ndikulakalaka kubwera kuchokera kumunda nditatopa kutopa kwenikweni, kokhala ndi chifukwa, Nowa n'kundithamangira kuti ndimunyamule paphewa. Masiku ano amafika pafupi n'kuima, amafunsa kaye ngati lero ndili ndi mphamvu.

Akakana, sindilimbana nawo, ndidzanyamuka nanu. Chokhacho mudzandipemphere kuti tidzachoke ana atapita kusukulu. Mpweya wanga ndi wochepa, sungakwane kuyenda ndi kutsanzika komwe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mukamaimbira Bertha musamuuze zonsezi, angauze amayi asanagone n'komwe. Chauta akusungeni ndi kukutsegulirani njira.

Ndine mng'ono wanu,
Jonasi Lazaro